Kodi Mumadziwa? Za Thupi la Mtsikana wa ku Koleji, Kuchokera pa Migowi Mpaka ku Chikanda

Kodi mumadziwa kuti mtsikana wa ku Phalombe akasankhidwa kupita ku yunivesite ya boma sangachitire mwina koma kutuluka m'boma lake? Kwathu kuno kuli koleji ya aphunzitsi, kulinso sukulu ya anamwino ndi azamba ya Holy Family, koma wofuna digiri amakwera galimoto: wina ku Zomba, wina ku Blantyre, wina ku Ndata ku Thyolo, wina mpaka ku Bunda kapena ku Mzuzu. Amanyamula chikwama, kathumba ka ufa, nandolo pang'ono, ndi thupi limene mudzi wonse umalidziwa. Akabwera ku holide, thupi lija ndi limene limayamba kulonjeredwa mwini wake asanatule n'komwe katundu.

Kodi mumadziwa kuti ife timapereka moni poyeza munthu ndi maso? "Mwanenepatu, akukusungani bwino kumeneko!" Kapena azakhali atagwira pakamwa: "Iwe mwana, watha chonchi bwanji? Kusukuluko sakukupatsani chakudya?" Onsewa amanena mwachikondi. Koma mtsikana yemweyo sabata yathayi mnzake wa m'chipinda anamuuza kuti kamimba kayamba kutuluka, diresi lija silikumukhalanso. Kumudzi akufuna abwere ndi masaya, kusukulu akufuna mimba yophwa. Thupi ndi limodzi, oweruza ndi awiri, ndipo sagwirizana.

Kodi mumadziwa kuti kuwonda kunaipitsidwa mbiri ndi Edzi? Ku Uganda, m'chaka cha 1985, madokotala analemba za matenda atsopano amene anthu ankangowatchula kuti slim, kutanthauza kuwonda. Kuno tinali ndi mawu athu, kaliwondewonde, ndipo m'zaka za m'ma 1990 munthu akangotsika thupi anthu ankayamba kunong'onezana pa mjigo. Kale lomwe, kuwonda kosadziwika chifukwa chake ankakuganizira tsempho kapena kanyera. Choncho mayi wa ku Nkhulambe akaona mwana wake wabwera makolala ali pamtunda, mtima wake suthamangira ku fashoni. Umathamangira ku maliro amene anawaona.

Ngakhale mankhwala otalikitsa moyo, amene boma linayamba kupereka ulere mu 2004, anasiya chipsera pa nkhani ya thupi. Mankhwala oyambawo anali ndi stavudine, amene kwa ena ankaphwetsa masaya ndi matako, mafuta n'kukaunjikana pamimba. Anadzawasintha patapita zaka, koma chizolowezi choyang'anitsitsa masaya a anzathu sichinasinthe.

Kodi mumadziwa kuti m'Malawi amayi onenepa kupitirira muyezo anapezeka ochuluka katatu kuposa owonda kupitirira muyezo? Kafukufuku wa dziko lonse wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa amayi 100 alionse a zaka 15 mpaka 49, okwana 21 anali onenepa mopitirira, 7 anali owonda mopitirira. Kafukufuku yemweyo anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. M'nyumba imodzi mungapezeke mayi wonenepa ndi mwana wonyentchera, onse akudya m'mbale imodzi.

Kodi mumadziwa kuti kudzimana chakudya mpaka kudwala si matenda a dzulodzulo? Dokotala wa ku England, Richard Morton, analemba mu 1689 za mtsikana wina ndi mnyamata wina amene ankatha thupi popanda chifuwa kapena malungo. Dzina lakuti anorexia nervosa linabwera mu 1873 kuchokera kwa William Gull, mmodzi wa madokotala a Mfumukazi Victoria, ndipo chaka chomwecho Charles Lasègue wa ku Paris analembanso za matenda omwewo. Kunalibe Instagram, kunalibe kanema. Ndiye tisamangoloza chala foni yokha.

Mnzake wa matendawa, bulimia nervosa, anapatsidwa dzina mochedwa, mu 1979, ndi Gerald Russell wa ku London. Uku ndi kudya chakudya chambiri nthawi imodzi, munthu akulephera kudziletsa, kenako n'kudzisanzitsa kapena kumwa mankhwala otsegula m'mimba kuti alipire zimene wadyazo. Diana, amene anali mkazi wa Charles, mfumu ya Britain ya lero, anaulula pa wailesi ya kanema ya BBC mu 1995 kuti anadwala matendawa kwa zaka zingapo. Matenda achitatu ndi kudya mosadziletsa kopanda kusanza, kumene buku la madokotala a maganizo la ku America linakuvomereza ngati matenda paokha mu 2013.

Kodi mumadziwa kuti ambiri odwala matenda a kadyedwe si owonda ayi? Apa ndi pamene timasochera. Tikuyembekeza kuona mafupa, pamene wodwalayo ndi mtsikana wa thupi labwinobwino amene amadya nafe nsima, kuseka nafe, kenako n'kunyamuka kuti akukasamba m'manja. Zizindikiro zimabisala kwina: mano akutsogolo kudyeka chifukwa cha asidi wa m'mimba, m'munsi mwa makutu kutupa, zipsera pa mfundo za zala zimene amazilowetsa kukhosi. Zipsera zimenezi madokotala amazitchula ndi dzina la Russell yemwe uja.

Kodi mumadziwa kuti kwa nthawi yaitali anthu ophunzira ankakhulupirira kuti munthu wakuda sangadwale matendawa? Ankati ndi matenda a ana a azungu olemera. Mu 1984 madokotala awiri, Buchan ndi Gregory, analemba m'magazini ya British Journal of Psychiatry za mtsikana wakuda wa ku Zimbabwe wodwala anorexia nervosa, ndipo inali nkhani yodabwitsa. Kenako mu 1998 Daniel le Grange ndi anzake anafalitsa zotsatira za mafunso amene anafunsa ophunzira 1,435 a m'mayunivesite a ku South Africa. Ophunzira akuda anaonetsa zizindikiro za kadyedwe kosokonezeka mofanana ndi azungu, pena kuwaposa.

Koma nkhaniyo sinathere pomwepo, ndipo mbali yotsatirayi ndi imene ikutikhudza ife a kuno. Le Grange ndi anzake anabwereranso, ulendo uno kukakhala pansi ndi achinyamata akuda a m'mabanja osauka amene mayankho awo pa pepala ankaonetsa ngati akudwala. Zimene anafalitsa mu 2004 zinasonyeza kuti pepala likhoza kunama. Funso likati, kodi umangoganiza za chakudya nthawi zonse, mwana wogona ndi njala amayankha kuti inde, ndipo sakunama. Akuganiza za chakudya chifukwa kulibe. Mafunso otchuka a EAT-26, amene David Garner ndi anzake anakonza ku Toronto mu 1982, anapangidwira anthu amene chakudya chili pa tebulo koma akuchikana. Kuwatenga osawasintha n'kukawagawa kwa ophunzira a ku Chikanda ku Zomba kumapeto kwa mwezi, ndalama ya loni itatha, mukhoza kupeza odwala ambirimbiri amene mankhwala awo ndi mbale ya mpunga ndi nyemba basi.

Ndiye tinene kuti njala ndi matendawa n'zosiyana, nkhani yatha? Ayi ndithu.

Kodi mumadziwa kuti njala payokha imatha kubala kadyedwe kosokonezeka? Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, mu 1944 ndi 1945, Ancel Keys wa ku yunivesite ya Minnesota anatenga amuna 36 athanzi, odzipereka okha, n'kuwachepetsera chakudya pafupifupi ndi theka kwa masabata 24. Anataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwawo. Zimene zinachitika m'mutu mwawo ndi zimene zinadabwitsa. Amuna akuluakulu anayamba kusonkhanitsa mabuku a kaphikidwe, kulota chakudya, kunyambita mbale, kupsa mtima ndi zinthu zazing'ono, kudzipatula kwa anzawo. Atawamasula kuti adye mmene angafunire, ena ankadya mpaka kudwala, n'kumanenabe kuti sanakhute, ndipo zinawatengera miyezi kuti abwerere mwakale. Thupi silifunsa chifukwa chimene mwalimanira chakudya. Kaya ndi dayeti, kaya ndi umphawi, limabwezera chimodzimodzi.

Taganizani tsono za mwana amene anakulira m'munsi mwa phiri la Michesi. Makolo ake amakumbukira napolo wa mu Marichi 1991. Iye mwini anaona namondwe Freddy mu Marichi 2023 akukokolola minda chimanga chitatsala pang'ono kucha. Galu wakuda amamudziwa, si nkhani ya m'buku. Afika ku koleji, masiku oyamba a mwezi ali ndi kandalama: chipisi cha pachiwaya, mandasi, zakumwa zotsekemera. Masiku otsiriza akudya kamodzi patsiku. Kukhuta, njala, kukhuta, njala. Pamwamba pa zimenezi wina amuuze kuti wanenepa ngati mayi wa ana atatu. Ine ndimaona kuti mtsikana wotere ali pangozi kuposa mwana wa ku Namiwawa ku Blantyre amene sanagonepo ndi njala, chifukwa iye akadumpha chakudya palibe amene amadabwa. Amangoti ndalama zavuta, ndipo aliyense amamvetsa.

Kodi mumadziwa kuti ena amabisala m'kusala kudya? Ku Ghana, ofufuza anayeza atsikana 668 a ku sekondale ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2004. Anapeza atsikana 10 owonda kwambiri chifukwa chodzimana okha chakudya. Palibe amene ankaopa kunenepa. Ankafotokoza za kudziletsa ndi za chipembedzo. Kusala ndi chinthu chaulemu m'mipingo yathu ndi m'Chisilamu momwe, ndipo kuli ndi tsiku loyamba ndi lomaliza. Kukakhala kopanda tsiku lomaliza, mwezi kulowa mwezi, wosalayo akukomoka m'kalasi koma akuwonjezerabe masiku, abusa kapena shehe amene amamukonda ayenera kukhala woyamba kufunsa.

Kodi mumadziwa kuti pa zilumba za Fiji ankakonda thupi lodzaza ngati ife? Nakonso kuwonda kunali chinthu chodetsa nkhawa abale. Wailesi ya kanema inafika m'dera la Nadroga mu 1995. Anne Becker wa ku Harvard anafunsa atsikana a sukulu chaka chimenecho, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankadzisanzitsa kuti achepetse thupi. Atafunsa gulu lina mu 1998, atsikana 11 mwa 100 alionse anavomera kuti amatero. Zaka zitatu zokha. Kuno kwathu Television Malawi inayamba kuulutsa mu 1999, ndipo inatenga nthawi kuti ifike m'nyumba za ku Chiringa ndi ku Nambazo. Foni sinadikire magetsi. Inangolowa m'thumba.

Eni ake a Instagram ankadziwa. Mu 2021 Frances Haugen, amene ankagwira ntchito ku Facebook, kampani ya eni akewo, anatulutsa zikalata zamkati zosonyeza kuti kampaniyo inafufuza yokha n'kupeza kuti, mwa atsikana amene ankadandaula kale ndi thupi lawo, pafupifupi mmodzi mwa atatu ankati Instagram imawonjezera vutolo. Ku France, kuyambira 2017, chithunzi cha malonda chimene thupi la munthu lakonzedwa pa kompyuta chimayenera kulembedwa kuti chakonzedwa. Chithunzi cha mnzanu wa m'kalasi chimene wachifinya m'chiuno ndi chala pa foni sichilembedwa kanthu.

Kodi mumadziwa kuti chitenje sichinauzepo munthu kuti wanenepa? Chimangozungulira. Telala naye amayeza inu, n'kudula nsalu motsatira inu. Kaunjika ndiye anatembenuza zinthu: jinzi inasokedwa kale kutsidya kwa nyanja, motsatira thupi la munthu wina, ndipo ikakana kukwera timati vuto ndi ntchafu zathu. Kumbukirani kuti lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa amayi kuvala thalauza ndi siketi yaifupi mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Agogo athu sanalimbanepo ndi zipi. Muyezo wawo unali mikanda ya m'chiuno, imene ikathina kapena kukhwepa amadziwa ndi mwini wake yekha.

Kodi mumadziwa kuti kuno vuto limayendanso chobwerera? Si onse akufuna kuwonda. Shepu imene ikutamandidwa masiku ano ndi ya mimba yophwa, chiuno chaching'ono, koma mbina ndi mahipi zodzaza, thupi limene ndi ochepa amabadwa nalo. Ndiye pali atsikana amene akumwa mankhwala kuti anenepe. Ambiri mwa mankhwalawa, monga Apetamin ndi Super Apeti, ali ndi cyproheptadine, amene ntchito yake yeniyeni ndi kuletsa ziwengo ndi kuyabwa. Kudzutsa chilakolako cha chakudya ndi zotsatira chabe, pamodzi ndi tulo tosatha ndi chizungulire, ndipo ena awonongeka nawo chiwindi. Bungwe loona za mankhwala ku America linachenjeza anthu za Apetamin mu 2023. Ndipo mankhwala sasankha malo. Simungawatume kuti mafuta apite kumbuyo kokha.

Oopsa kuposa apa ndi dexamethasone, amene ena amasakaniza ndi oyambawo. Amatupitsa nkhope kukhala yozungulira ngati mwezi, mafuta n'kudzaza pamimba ndi pamsana, miyendo n'kumaonda. Amakweza shuga ndi kuthamanga kwa magazi, amafooketsa mafupa ndi chitetezo cha m'thupi. Amene wamwa kwa nthawi yaitali asasiye mwadzidzidzi, chifukwa thupi limakhala litaleka kupanga lokha mahomoni ofanana nawo. Kusiya kwake n'kwa pang'onopang'ono, dokotala akuyang'anira.

Kodi mumadziwa kuti tiyi wochepetsa mimba sachotsa mafuta? Ambiri mwa matiyi amenewa ali ndi masamba a senna, omwe ndi mankhwala otsegula m'mimba. Amagwira ntchito m'matumbo aakulu, pamene chakudya chimafika thupi litayamwa kale zofunika m'matumbo aang'ono. Chimene chimatuluka ndi madzi ndi mchere wa m'thupi. Sikelo imatsika lero, mawa mukamwa madzi yabwerera. Koma potaziyamu akachepa m'magazi, kaya ndi kutsegula m'mimba kaya ndi kusanza, mtima umasokonekera kagundidwe, ndipo ukhoza kuima.

Kodi mumadziwa kuti muyezo wa BMI sanaupange dokotala? Anaupanga Adolphe Quetelet, katswiri wa masamu ndi nyenyezi wa ku Belgium, m'zaka za m'ma 1830, pofuna kudziwa za anthu monga gulu. Dzina lakelo anadzapereka ndi Ancel Keys yemwe uja mu 1972. Mumatenga makilogalamu anu n'kugawa ndi kutalika kwanu m'mamita kochulukitsidwa ndi kutalika komweko. Pakati pa 18.5 ndi 24.9 amati zili bwino. Kwa mtsikana wotalika mamita 1.6, ndiye kuti kuyambira makilogalamu pafupifupi 47 ndi theka mpaka pafupifupi 64. Taonani kukula kwa bwalolo: makilogalamu 16 athunthu. Koma muyezowu susiyanitsa mnofu ndi mafuta, ndipo wosewera netibolo wamphamvu ukhoza kumunamizira kunenepa.

Kodi mumadziwa kuti kudya dothi kuli m'gulu lomweli la matenda a kadyedwe? Madokotala amakutcha pica. Timakuona kwa amayi oyembekezera, koma atsikana ambiri amatafunanso dothi la pachulu kapena logula pamsika, ndipo kawirikawiri kumayenderana ndi kuchepa kwa ayironi m'magazi. Kafukufuku uja wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mayi mmodzi mwa atatu m'dziko muno ali ndi magazi ochepa. Mtsikana amene amasamba mwezi ndi mwezi, n'kusiya nyemba, matemba a ku Chilwa ndi masamba chifukwa cha dayeti ya tiyi ndi bisiketi, asadabwe akamawodzera pa phunziro la 8 koloko m'mawa.

Kodi mumadziwa kuti thupi likamanidwa chakudya limayamba kutseka zipinda zina? Msambo umaima. Tsitsi limathothoka. Munthu amamva kuzizira ngakhale mu Okutobala, dzuwa la ku Phalombe likuswa mtengo. Choopsa chosaoneka ndi mafupa: zaka za ku sekondale ndi ku koleji ndi zimene thupi limamanga mafupa odzagwiritsa ntchito moyo wonse, ndipo zimene zatayika pa msinkhu umenewu sizibwerera zonse. Mwa matenda onse a maganizo, anorexia nervosa ili m'gulu la amene amapha kwambiri. Kafukufuku wa Jon Arcelus ndi anzake wa 2011 anapeza kuti mwa odwala asanu alionse amene anamwalira, mmodzi anadzipha. Woimba wa ku America Karen Carpenter anamwalira mu 1983 ali ndi zaka 32, mtima utafooka ndi matendawa.

Kodi mumadziwa kuti mafunso asanu okha angakuthandizeni kuzindikira? Anawakonza madokotala a pa chipatala cha St George's ku London mu 1999. Kodi umadzisanzitsa chifukwa wakhuta mosautsa? Kodi umada nkhawa kuti sukuthanso kudziletsa pa kuchuluka kwa zimene ukudya? Kodi wataya makilogalamu oposa 6 m'miyezi itatu? Kodi umadziona wonenepa pamene ena akuti wawonda kwambiri? Kodi chakudya ndicho chikulamulira moyo wako? Inde awiri ndi okwanira kuti munthu akaonane ndi achipatala. Kuno tiwonjezere lathu lachisanu ndi chimodzi, ndipo likhale loyamba kufunsa: kodi chakudyacho chilipo?

Kodi mumadziwa kuti matendawa amachizika, makamaka akapezeka msanga? Poyambira ndi pa chipatala chimene muli nacho pafupi, cha boma kapena Holy Family, kumene angayeze magazi, mtima ndi kulemera. Za maganizo, kuli Zomba Mental Hospital, kuli madokotala a maganizo ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kuli St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Kupita kumeneko si misala. Wodwala kawirikawiri amakana kuti akudwala, ndipo kukanako ndi mbali ya matendawo, si mwano.

Ndipo kodi mumadziwa kuti kumukhazika pansi mwana wotha thupi n'kumuunjikira nsima zisanu ndi nkhuku yathunthu kukhoza kumupha? Thupi limene lakhala nthawi yaitali osadya likalandira chakudya chambiri mwadzidzidzi, mchere wina wa m'magazi, makamaka fosifeti, umathamangira m'maselo, magazi n'kutsala opanda, mtima ndi mapapo n'kulephera. Madokotala anaziona kwa akaidi amene anamasulidwa kumapeto kwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Anamwino a m'mawodi a ana onyentchera amazidziwa bwino: mwana wofika atatheratu samupatsa chiponde tsiku loyamba, amayamba ndi mkaka wopepuka wa F-75, pang'onopang'ono, maola awiri kapena atatu alionse. Wamkulu nayenso amamuyamba ndi zochepa, akumuyeza magazi masiku oyambawo, kenako n'kumawonjezera. Nkhuku ija azakhali aisunge kaye m'khola, idzaphedwa sabata zikubwerazi.